Kusunga makasitomala pamene misonkhano yasamukira pa intaneti

Mayi Nachisale

Ndikupatsani moni nonse a m'gulu lino. Ndabwera ndi nkhani imene yandidetsa nkhawa kwa nthawi ndithu, ndipo ndikukhulupirira kuti ambiri mwa inu amene mumagwira ntchito yotsatsa malonda kapena yosamalira makasitomala mwakumana nayo. Kuyambira mwezi wa Malichi 2020, pamene bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza kuti Covid-19 ndi mliri wa dziko lonse, misonkhano yambiri ya malonda inasamukira pa Zoom, Microsoft Teams ndi Google Meet. Kampani ya Zoom yokha inanena kuti anthu olowa m'misonkhano yake tsiku lililonse anachuluka kuchoka pa 10 miliyoni mu Disembala 2019 kufika pa 300 miliyoni mu Epulo 2020. Mliriwo unazilala, koma makasitomala ambiri sanabwererenso ku chizolowezi chakale choti wogulitsa afike ku ofesi kwawo, alandiridwe, akhale pansi n'kukambirana. Masiku ano ukapempha kuti ukawaone, amakuyankha mwaulemu kuti ungowatumizira linki.

Makasitomala akale sakundivuta kwenikweni, chifukwa tinadziwana kale ndipo mawu anga amawazindikira ngakhale pa foni. Vuto lili pa atsopano. Timakumana pa vidiyo, ndimafotokoza zonse bwinobwino, amavomera ndi mutu, amathokoza, kenaka zii. Kotesheni imapita, yankho silibwera. Funso langa ndi lakuti, kodi munthu amene sunagwirane naye chanza ungamufikitse bwanji poti akukhulupirire mpaka kusaina mgwirizano?

Bambo Gondwe

Zikomo mayi pobweretsa nkhaniyi. Ine ndakhalitsa pa ntchito imeneyi, ndipo maganizo anga ndi akuti chimene tinataya si msonkhano weniweniwo ayi, koma mphindi zimene zinkauzungulira. Ukafika pa kampani ya eni ake, unkayamba wadikira pamalo olandirira alendo, n'kuona mmene antchito akulankhulirana. Podutsa m'khonde unkasuzumira kosungira katundu n'kuona ngati mashelefu ali odzaza kapena ali mbee. Msonkhano ukatha, amene akukuperekeza pakhomo ankatha kukunong'oneza kuti, "Bwanayu wagwirizana nazo, koma amene amasaina ndi mkulu wa zachuma, ndipo ndalama za chaka chino zatsala pang'ono kutha." Mawu amodzi amenewo ankaposa zonse zimene zinanenedwa pa tebulo.

Pa vidiyo zimenezi palibe. Nthawi ikakwana aliyense amadina batani lofiira, ndipo umatsala wekha ndi sikirini. Choncho ine ndimalimbikirabe kuti ngati mgwirizano uli waukulu, msonkhano woyamba uzichitika pamaso ndi pamaso, ngakhale ulendo utakhala wautali. Misonkhano yotsatira ikhoza kuyenda pa intaneti.

Mayi Nabanda

A Gondwe, zimene mwafotokoza za m'khonde ndi zoona, ndipo palibe angazitsutse. Koma ndikufuna kusiyana nanu pang'ono pa mfundo ya chikhulupiriro. Kasitomala sankatikhulupirira chifukwa cha chanza. Chanzacho chinkangotsegula khomo. Ankatikhulupirira chifukwa tinati kotesheni ifika Lachiwiri ndipo inafikadi Lachiwiri, tinati katundu akachedwa tidzanena msanga ndipo tinanenadi iye asanafunse. Zimenezi zimatheka bwinobwino munthu ali kutali. Chasintha n'chakuti kale zinthu zambiri zinkatipeza zokha popanda kuzikonzekera, pamene tsopano chilichonse chiyenera kuchitidwa mwadala.

Nditenge chitsanzo chanu chomwecho cha munthu wonong'oneza pakhomo. Munthu ameneyo alipobe, sanapite kulikonse, kungoti sangalankhule pa msonkhano umene bwana wake akumvetsera ndipo mwina ukujambulidwa. Ine msonkhano ukatha ndimadikira mawa lake, n'kumuimbira foni yekha, osati pa vidiyo, ndipo ndimamufunsa mosabisa kuti, "Kodi zimene tinakambirana dzulo zinalandiridwa bwanji kumeneko? Alipo wina amene ayenera kuziona zisanavomerezedwe?" Nthawi zambiri amamasuka kuposa mmene akanachitira pakhomo, chifukwa palibe amene akumuona. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo pa malonda a kutali mwambiwu ndi woona kwambiri.

Chachiwiri ndi kalata yotsatira msonkhano. Mayi Nachisale, mwanena kuti anthu amavomera ndi mutu kenaka zii. Ndikuganiza kuti nthawi zambiri kukhala chete kumeneko si kukana ayi. Munthu amene munalankhula naye wachoka pa msonkhano wanu n'kulowa wina pompopompo, kenaka winanso, ndipo pofika madzulo sakukumbukira amene ananena chiyani. Ngati tsiku lomwelo mwamutumizira imelo yaifupi yonena vuto lake m'mawu ake omwe, zimene mwagwirizana, amene achite chiyani ndi tsiku lake, mwamupatsa chinthu choti akhoza kungotumiza kwa mkulu wake osasinthamo kanthu. Kumbukirani kuti iyeyo ndiye akukakugulitsirani malonda anu m'zipinda zimene inu simungalowemo. Mukamusiya chimanjamanja, nkhani yanu imafera pa desiki pake.

Mayi Nachisale

Mfundo yoimba foni mawa lake yandigwira mtima. Komabe ndili ndi mantha akuti ena angaone ngati ndikuwazemba mabwana awo kapena ndikuwatopetsa. Kodi mumapempha chilolezo msonkhano usanathe?

Mayi Nabanda

Eya, ndimapempha, ndipo ndimapempha onse akumva. Ndimati, "Kuti ndisakutayitseni nthawi nonse ndi mafunso ang'onoang'ono, ndani amene ndingamamuimbire?" Bwana mwini ndiye amaloza munthuyo, choncho palibe chobisika. Ndiponso sindilola msonkhano kutha tisanaike tsiku la wotsatira pa kalendala. Mawu akuti "tidzalumikizana" ndi amene amapha malonda ambiri.

Bambo Phiri

Ndiloleni ndiwonjezere za makinawa, chifukwa zina zimene timaziyesa kusagwirizana pakati pa anthu zimachokera ku netiweki. Ofufuza za chilankhulo amene anayerekeza zinenero 10 za m'madera osiyanasiyana a dziko lapansi anapeza, mu 2009, kuti pa kucheza wamba mpata wa pakati pa funso ndi yankho umakhala waufupi kwambiri, pafupifupi mamilisekondi 200, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi. Makutu athu anazolowera zimenezo, kotero kuti munthu akachedwa kuyankha timayamba kuganiza kuti akukayika kapena sanasangalale. Bungwe la ITU, loona za matelefoni pa dziko lonse, limalangiza kuti mawu asamachedwe kupitirira mamilisekondi 150 popita mbali imodzi ngati tikufuna kuti kukambirana kuziyenda bwino. Netiweki ikafooka, kuchedwako kumapitirira pamenepo kutalitali.

Tsono taganizirani zimene zimachitika. Wogulitsa watchula mtengo. Kasitomala wayamba kuyankha, koma mawu ake akadali m'njira. Wogulitsa akumva chete, mtima wagunda, ndipo asanamve yankho wayamba kale kunena kuti mtengowo akhoza kuutsitsa. Mawu a awiriwo akugundana, aliyense akupepesa, aliyense akuti "pitirizani". Ndaonapo anthu akutsitsa mtengo popanda wowapempha chifukwa cha sekondi imodzi ya netiweki. Mankhwala ake ndi osavuta: mukafunsa funso kapena mukatchula mtengo, tsekani pakamwa, muwerenge mpaka zisanu mumtima.

Chinanso, pa zinthu ziwiri izi, mawu ndi chithunzi, chofunika kwambiri ndi mawu. Kasitomala amapirira chithunzi chosaoneka bwino, koma mawu odukaduka amamutopetsa msanga ndipo amasiya kumvetsera. Mawu amadya data yochepa kwambiri poyerekeza ndi vidiyo, choncho netiweki ikayamba kuvuta ndi bwino kunena poyera kuti tizimitse makamera kuti timvane, kusiyana n'kulimbana ndi chithunzi chouma. Ngati muli ndi ndalama zogulira chipangizo chimodzi chokha, gulani mahedifoni okhala ndi maikolofoni yabwino musanaganize za kamera. Ndipo nambala ya foni ya kasitomala izikhala pafupi, kuti magetsi kapena intaneti zikaduka mumuimbire mphindi yomweyo m'malo momusiya akuyang'ana sikirini yopanda munthu.

Bambo Gondwe

A Phiri, apo mwandiphunzitsa. Koma nkhani yozimitsa kamerayo ndi imene imandivuta. Kulankhula ndi timabokosi takuda tolembedwa mayina n'kowawa, chifukwa sudziwa ngati munthu akumvetsera kapena akuyankha maimelo ena. Ine ndimaona kuti wogulitsa ali ndi ufulu wopempha kuti aone nkhope za amene akulankhula nawo.

Mayi Nankhoma

Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete chifukwa ine ndili mbali inayo. Ntchito yanga ndi yogula katundu ndi ntchito zosiyanasiyana m'malo mwa kampani, choncho ndine mmodzi wa timabokosi takuda timene a Gondwe akunena. Mundilole ndikuuzeni mmene zimaonekera kuchokera kuno.

Pa nkhani ya kamera, pemphani koma musaumirize. Wogulitsa aziyatsa yake nthawi zonse pamene netiweki ikulola, makamaka poyamba, kuti tione amene tikulankhula naye. Koma ife tili ndi zifukwa zambiri zozimitsira zathu. Wina akugwira ntchito ali kunyumba ndipo safuna kuti mlendo aone m'chipinda mwake, wina ali mu ofesi ya anthu ambiri, wina wakhala pa vidiyo kuyambira m'mawa ndipo maso atopa. Kutopa kumeneku si ulesi. Pulofesa Jeremy Bailenson wa pa yunivesite ya Stanford analemba mu 2021 kuti misonkhano ya pa vidiyo imatopetsa pa zifukwa zinayi: kuyang'anizana ndi nkhope zambiri pafupi kwa nthawi yaitali, kudziona wekha pa sikirini mosalekeza, kukhala malo amodzi osasuntha, ndiponso kugwiritsa ntchito ubongo kwambiri pofuna kumva ndi kuonetsa zizindikiro zimene pamaso ndi pamaso zimangochitika zokha. Mukafuna kudziwa ngati tikumvetsera, musadalire nkhope. Tchulani munthu dzina n'kumufunsa funso lokhudza ntchito yake.

Tsono ndinene chimene chimatitayitsa mtima kwenikweni. Wogulitsa amapempha ola lathunthu, n'kutsegula masilaidi, n'kuyamba ndi mbiri ya kampani yake, chaka chimene inayamba, nthambi zake, mphoto zimene inalandira. Theka la nthawi limatha asanandifunse funso ngakhale limodzi lokhudza vuto limene landichititsa kuvomera msonkhanowo. Pamaso ndi pamaso ndikanapirira chifukwa cha ulemu, koma pa kompyuta imelo ili pomwepo, ndipo dzanja limapita lokha. Zonse zokhudza kampani yanu titumizireni msonkhano usanachitike, tidzawerenga. Pa msonkhanopo bwerani ndi mafunso. Wogulitsa amene ndimamukumbukira ndi amene anapempha mphindi 25, n'kuthera zambiri mwa izo akumvetsera, n'kumaliza nthawi isanakwane.

Ndionjezepo chimodzi chimene ndinachiona ndi maso anga. Wogulitsa wina, pofuna kutionetsa kotesheni yathu, anaonetsa sikirini yake yonse m'malo mwa fayilo imodzi yokha. Pambali panali potsegula kotesheni ya kampani ina, dzina lake likuoneka, mitengo yake ikuoneka, ndipo inali yotsika kuposa imene ankatiuza ife. Ali mkati molankhula, pakona pa sikirini panatulukiranso uthenga wa mnzake wa kuntchito wonena za kasitomala wina. Palibe amene ananena kanthu pa msonkhanopo. Koma titatuluka, funso la mkulu wanga silinali la mtengo ayi. Anafunsa kuti, "Ngati zinsinsi za anzathu akuzionetsa chonchi, zathu akuzionetsa kwa yani?" Mgwirizanowo sunapitirire.

Mayi Nachisale

Mayi Nankhoma, wakutsina khutu ndi mnansi. Zikomo kwambiri chifukwa zimenezi ogula satiuza kawirikawiri. Ndifunseko za WhatsApp. Makasitomala anga ambiri amayankha msanga kumeneko kuposa pa imelo, koma sindidziwa malire ake.

Mayi Nankhoma

Funsani munthu aliyense njira imene amakonda, ndipo muilemekeze. Ine WhatsApp ndimailola pa zinthu zachangu, monga kundidziwitsa kuti katundu wanyamuka kapena kuti mwatumiza imelo yofunika. Koma mtengo, masiku olipirira ndi chilichonse chosintha mgwirizano zizibwera pa imelo ya kampani, chifukwa ndiyenera kuzisunga ndi kuzionetsa kwa oyendera mabuku. Uthenga wa mawu wa mphindi zisanu sindingauike mu fayilo. Ndiponso foni ndi ya m'thumba mwa munthu, imalowa naye kuchipinda. Uthenga wa malonda wofika usiku kapena tsiku lopuma umaoneka ngati kulowerera, ngakhale wotumizayo atakhala ndi cholinga chabwino. Ngati kasitomala ali dziko lina, yambani mwaona kuti kwawoko ndi nthawi yanji, ndipo poitana msonkhano lembani nthawi ya mbali zonse ziwiri. Mayiko ambiri a ku Ulaya ndi ku North America amasintha mawotchi awo ndi ola limodzi kawiri pa chaka, ndipo misonkhano yambiri imasokonekera m'masabata amenewo.

Bambo Mwale

Pali mbali ina ya chikhulupiriro imene sitinaikhudze, ndiyo ya akuba. Pamene zonse zikuyenda pa imelo ndi pa vidiyo, munthu wachinyengo savutika kudziika pakati pa wogulitsa ndi wogula. Njira yofala ndi yakuti amalowa mu imelo ya mmodzi wa inu, kapena amapanga adiresi yofanana ndi yanu kusiyana chilembo chimodzi chokha, n'kudikira mpaka nthawi ya invoisi. Kenaka amalembera kasitomala wanu kuti akaunti ya kubanki yasintha. Kasitomala amalipira ndi mtima wonse, ndalama n'kupita kwina, ndipo ubale umene munaumanga zaka zambiri umasanduka mlandu wofuna kudziwa amene analakwa.

Ngakhale nkhope ya pa vidiyo si umboni wokwanira masiku ano. Kumayambiriro kwa 2024 apolisi a ku Hong Kong analengeza za wogwira ntchito wina amene anatumiza ndalama zokwana madola a ku Hong Kong 200 miliyoni, pafupifupi madola a ku America 25 miliyoni, atachita msonkhano wa pa vidiyo ndi anthu amene ankaoneka ndi kulankhula ngati mkulu wa zachuma wa kampani yake ndi anzake ena. Onsewo anali zithunzi ndi mawu opangidwa ndi kompyuta. Pambuyo pake kampani ya zomangamanga ya Arup inatsimikiza kuti ndiyo inaberedwa.

Choncho ine kasitomala watsopano ndimamuuza pa tsiku loyamba, ndiponso ndimalemba mu mgwirizano, kuti akaunti yathu sidzasintha kudzera pa imelo, ndipo akalandira uthenga wotero aimbe pa nambala imene anali nayo kale, osati imene yalembedwa mu uthengawo. Ena amaopa kuti kunena zimenezi kungaopseze kasitomala. Ine ndaona kuti zimamulimbitsa mtima, chifukwa amazindikira kuti ukuganizira ndalama zake, osati zako zokha.

Ndikhudzenso mwachidule za kujambula misonkhano. Mapulogalamu ambiri tsopano amatha kujambula ndi kulemba zonse zimene zanenedwa. Musawayatse musanapemphe. M'mayiko a European Union muli lamulo la GDPR, limene linayamba kugwira ntchito pa 25 Meyi 2018, ndipo limateteza zinthu zokhudza munthu payekha, kuphatikizapo mawu ndi nkhope yake zikajambulidwa. Mayiko ena ambiri ali ndi malamulo awo otere. Koma ngakhale lamulo litakhala chete, munthu akadziwa kuti akujambulidwa amalankhula mosamala, ndipo zimene inu mumafuna kumva, monga zakuti amene amawagulitsa panopa akuwakhumudwitsa, sanganene.

Bambo Gondwe

Ndamva zonse, ndipo ndikuvomera kuti zambiri zimatheka munthu ali kutali kuposa mmene ndimaganizira. Komabe pali nthawi ziwiri zimene sindingasinthe maganizo. Yoyamba ndi pamene zinthu zalakwika kwambiri, katundu wafika woonongeka kapena ntchito yaima chifukwa cha ife. Pamenepo kasitomala ayenera kuona kuti wasiya zonse n'kubwera. Ngati ulendo sungatheke, imba foni ola lomwelo ndi mawu ako, usabisale kuseri kwa imelo. Yachiwiri ndi pamene katundu ali woti munthu amugwire, amuyese, aone kulemera kwake. Kamera ikhoza kuonetsa makina akugwira ntchito, koma singamuuze munthu mmene chogwirira chikumvekera m'dzanja. Pamenepo tumizani chitsanzo chifike msonkhano usanachitike, kuti pokambirana akhale nacho pa tebulo.

Nkhawa yanga ina ndi ya achinyamata amene akuyamba ntchitoyi ali kunyumba. Ife tinaphunzira pomvetsera akuluakulu akuimba foni pa desiki yoyandikana nayo, ndiponso pobwerera kuchokera kwa kasitomala, pamene mkulu ankakufunsa kuti, "Unaona mmene anasinthira nkhope utatchula masiku olipirira?" Wachinyamata wa lero aziphunzira kuti zimenezi?

Mayi Nabanda

Funso limenelo ndi lolemera, a Gondwe, ndipo yankho lake ndi lomwe lija lakuti zichitike mwadala. Kwathu kuntchito wophunzira amalowa nawo misonkhano ya akuluakulu, kasitomala atadziwitsidwa kuti iyeyu ndi ndani, ndipo ntchito yake imakhala kulemba zimene zanenedwa ndi kukonza imelo yotsatira ija. Msonkhano ukatha sitibalalika nthawi yomweyo. Timatsala awiri kwa mphindi khumi, ndipo ndimayamba ndamufunsa iye zimene wamva ndisananene zanga. Pakapita nthawi timasinthana, iye amatsogolera, ine ndimalemba.

Chinanso n'chakuti zonse zokhudza kasitomala zizilembedwa pamalo amodzi pamene aliyense wa m'gulu angazipeze. Kaya ndi pulogalamu yosungira nkhani za makasitomala (CRM) monga Salesforce kapena HubSpot, kaya ndi tebulo wamba la Excel, chofunika n'chakuti muzikhala zimene analonjezedwa, amene amasaina, njira imene amakonda kulankhulirana, ndi tsiku limene tinalankhula naye komaliza. Mu ofesi munthu ankangotembenuka n'kufunsa mnzake. Anthu akabalalika, zimene zili m'mutu mwa mmodzi zimachoka naye tsiku limene wadwala kapena wasiya ntchito, ndipo kasitomala amakakamizika kufotokoza nkhani yake kuyambira pachiyambi kwa munthu wachilendo. Palibe chimene chimamuonetsa kuti sitimusamala kuposa chimenecho.

Mayi Nachisale

Mayi Nankhoma, ndibwererenso kwa inu ndi funso limodzi. Ndili ndi makotesheni angapo amene akhala osayankhidwa kwa masabata. Monga wogula, mungakonde kuti wogulitsa akukumbutseni motani popanda kukutopetsani?

Mayi Nankhoma

Musalembe kuti mukungofuna kumva ngati pali chatsopano, chifukwa uthenga wotero umandipatsa ntchito popanda kundithandiza, ndipo ndimausiya kuti ndidzauyankhe tsiku lina. Bwerani ndi kanthu m'manja. Ndiuzeni tsiku limene kotesheniyo ithere mphamvu, kapena kuti katundu amene ndinafunsa watsala wochepa ngati zilidi choncho, kapena yankho la funso limene mnzanga anafunsa pa msonkhano ndipo simunathe kuliyankha pomwepo. Kenaka ndifunseni funso limene ndingayankhe ndi mawu amodzi: kodi nkhaniyi ikadali pa tebulo, yaimitsidwa, kapena mwasankha kwina? Ambiri a ife timachita manyazi kukana, ndiye mukatitsegulira khomo lokanira timakuuzani zoona, ndipo nthawi zina timakuuzaninso chifukwa chake. Mukatumiza kawiri osayankhidwa, imbani foni m'mawa ntchito isanachuluke. Ngati pamenepo palibebe yankho, lembani kuti mukutseka fayiloyo pakali pano ndipo muli okonzeka kuitsegulanso akadzafuna, kenaka lembani pa kalendala yanu mwezi umene kampaniyo imakonza bajeti yake ya chaka chotsatira, kuti mudzawaimbirenso nthawi imeneyo.